Ku Mulhouse, kwa galimoto imene mafumu sanaigule

Alendo ambiri akafika ku France amangothera ku Paris. Ine ndinakwera sitima yaliwiro ya TGV pa siteshoni ya Gare de Lyon n'kulowera kum'mawa, ulendo wa maola pafupifupi atatu, mpaka ku Mulhouse m'chigawo cha Alsace, kufupi ndi malire a Germany ndi Switzerland. Mulhouse ndi mzinda umene unakula ndi mafakitale a nsalu, ndipo nyumba zake zazitali za njerwa zimachitirabe umboni. M'fakitale ina yakale yopota ubweya wa nkhosa ndi mmene muli Musée National de l'Automobile, malo osungirako magalimoto akale oposa 400. Ine ndinkafuna imodzi yokha, Bugatti Royale.

Kuchokera pa siteshoni ndinakwera tram, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, kamene kamakusiya pafupi ndi khomo. Ukalowa, maso amasowa poyambira. Magalimoto andandalikidwa m'mizere pa timiyala, ndipo pakati pa mizereyo pali mazanamazana a nyale zachitsulo zotengera za pa mlatho wa Alexandre III ku Paris. Ndinadutsa magalimoto a mpikisano abuluu mothamanga, n'kukaima m'chipinda cha magalimoto apamwamba, pamaso pa Royale imene amaitcha Coupé Napoléon.

Zithunzi zimanama. Galimotoyi ndi yaitali mamita oposa 6, kuposa minibasi zathu zonyamula anthu, ndipo imalemera matani oposa 3. Boneti yokha imaoneka ngati yosatha, chifukwa pansi pake pagona injini ya masilinda 8 ondondozana, ya malita 12.7. Dalaivala amakhala pamtetete, mvula ndi dzuwa zili zake, pamene bwana amakhala kumbuyo m'chipinda chotsekedwa chokhala ndi magalasi kudenga. Pamwamba pa redieta paima kanjovu koimirira ndi miyendo yakumbuyo, kochokera pa chosema cha Rembrandt Bugatti, mng'ono wake wa mwini fakitale, amene anamwalira mu 1916 galimotoyi isanapangidwe n'komwe.

Mwini fakitaleyo anali Ettore Bugatti, wobadwira ku Milan mu 1881, amene anakhazikitsa fakitale yake ku Molsheim, kumpoto kwa Mulhouse, mu 1909. Atatchuka ndi magalimoto a mpikisano, anafuna kupanga galimoto yoposa Rolls-Royce ndi ina iliyonse, yoti ayendemo mafumu. Cholinga chinali kupanga 25. Koma mu 1929 chuma cha dziko lonse chinagwa, olemera anayamba kubisa chuma chawo, ndipo Mfumu Alfonso XIII ya ku Spain, imene inkayembekezeka kugula, inachoka pampando mu 1931. Mapeto ake, alipo 6 okha, ndipo atatu okha ndi amene anapeza ogula. Palibe mfumu pa ogulawo. Woyamba anali Armand Esders, wamalonda a zovala, amene anati yake isakhale ndi nyale chifukwa iye sayenda usiku. Wachiwiri anali Josef Fuchs, dokotala wa ku Germany, ndipo wachitatu anali Cuthbert Foster wa ku England. Ya Foster ija, imene thupi lake linapangidwa ndi kampani ya Park Ward, ili pompano, moyandikana ndi Coupé Napoléon imene banja la Bugatti linkayendera.

Nditaima pakati pa awiriwa ndinamvetsa chimene chimawazunguza mitu osonkhanitsa magalimoto akale. Akanapangidwa 25 n'kugulidwa onse, Royale ikanangokhala galimoto yodula ngati ena. Kulephera kwake pamsika ndiko kunaipatsa mtengo. Iliyonse mwa 6 aja ili ndi thupi lakelake, nambala yake ndi mbiri yodziwika ya manja onse amene anadutsamo, ndipo ogula amalipira mbiriyo. Ya dokotala Fuchs inafika mpaka potayidwa pa malo a zitsulo zakutha ku New York, kenako inaomboledwa ndi Charles Chayne, injiniya wa General Motors. Lero ili ku Henry Ford Museum ku America. Ena awiri banja la Bugatti linawabisa kuseri kwa khoma pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali a Germany asawalande. Nkhondo itatha, Briggs Cunningham wa ku America anawagula motchipa, n'kuwonjezerapo mafiriji, amene pa nthawiyo anali osowa ku France. Imodzi mwa awiriwo, yotchedwa Kellner, inagulitsidwa pa okishoni ya Christie's ku London mu 1987 pa mapaundi 5.5 miliyoni, mtengo umene galimoto ina iliyonse inali isanaufikepo pa okishoni.

Koma nyumbayi ili ndi nkhani ina imene inandigwira mtima kuposa mitengoyo. Magalimoto onsewa anasonkhanitsidwa ndi anthu awiri apachibale, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale a ubweya. Fritz ndiye anali ndi ludzu losatha la Bugatti. Mu 1963 anagula magalimoto amene anatsala m'manja mwa fakitale ya Molsheim, kuphatikizapo Coupé Napoléon, ndipo chaka chotsatira anakokolola ma Bugatti 30 a John Shakespeare wa ku Illinois. Zonse zinkachitika mwakachetechete. Amakaniko, opala matabwa ndi osoka mipando ankakonza magalimotowo m'chipinda chotsekedwa, pamene malonda a ubweya ankalowa pansi. Mu 1976 mafakitale anagwa, antchito anatsala manja lende, ndipo abale awiriwo anathawira ku Basel.

Mu Malichi 1977 antchito analowa m'nyumbayi n'kuona ndi maso awo kumene thukuta lawo linkapita. Sanaphwanye chumacho. Anakhalamo zaka ziwiri akuchilondera, n'kutsegula zitseko kuti aliyense adzaone, ndipo anaitcha nyumba ya antchito. Boma la France linaika magalimotowo m'gulu la chuma cha dziko mu 1978 kuti asagulitsidwe kunja, ndipo mu 1982 malowa anatsegulidwa mwalamulo. Choncho ma Royale awiri amene ndinawaona sadzaonekanso pamsika, zimene zikukwezanso mtengo wa amene ali m'manja mwa anthu wamba.

Madzulo ndinawolokera mbali ina ya mzindawu, ku Cité du Train, kumene amasungako sitima zakale. Kumeneko kuli sitima ya Bugatti yamphuno yosongoka, yoyenda yokha popanda mutu woikoka. Royale italephera, Ettore anatsala ndi injini zazikulu zopanda ntchito, ndipo anaziika m'sitima zoterezi, ziwiri kapena zinayi m'sitima imodzi. Mu 1934 ina inathamanga makilomita 196 pa ola, ndipo zina zinanyamula anthu mpaka 1958. Ndalama za sitimazi n'zimene zinathandiza fakitale ya Molsheim kupuma pa zaka zovutazo.

Amene angapite ku Mulhouse aone nyumba zonse ziwiri, ndipo ayambire ya magalimoto. Akangoona Royale yokha, adzabwerako akudziwa mtengo umene olemera amalipira pa chinthu chosowa. Akaonanso sitimayo adzadziwa kuti injini yomweyo, imene inakonzedwera mafumu, inagwira ntchito yeniyeni zaka zoposa 20 ikunyamula aliyense amene anali ndi ndalama ya tikiti.