Mlendo amene timamupatsa makiyi

Ambiri a ife amene tinakulira ku Petauke ndi ku Nyimba, manje tili mu Lusaka kapena ku Chipata, kumudzi amatidziwa kuti ndife "ana a makompyuta". Dzinali limabwera ndi nchito. Kopaletivu ya alimi a nshawa kwa a Sandwe ikafuna webusaiti yolembera mamembala, foni imalira kwa ife. Timatsegula WordPress, ndipo chilichonse chimene chikusowa timachikwaniritsa ndi plugin: ina ya fomu, ina ya zithunzi, ina yolandirira ndalama. Pofika madzulo webusaiti yaima, akuluakulu akondwera.

Akulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, plugin imatimetera pamene ife sitikanatha. Koma mlendo uyu sitimusiya pakhonde. Plugin ikangoikidwa imakhala ndi mphamvu zofanana ndi WordPress yeniyeniyo: imatha kuwerenga database yonse, kulemba mafayilo atsopano, ngakhale kupanga admin wina. Ndipo mu database ya kopaletivu muli maina, midzi, manambala a foni, nthawi zina ndi manambala a NRC. Izi ndizo zimene amafuna anthu aja otumiza uthenga woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Ife uthenga wotere timangouseka. Koma ukafika kwa ambuya ku Sandwe, wotchula dzina lao lonse, mudzi wao ndi kopaletivu yao, ndalama ya nshawa ya chaka chonse ingapite pa Airtel Money kapena MTN MoMo dzuwa lisanalowe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo pa amene akusunga zinthu za anthuzi, ndiye kopaletivu singanene kuti plugin ndiyo inalakwa.

Chizolowezi chathu n'kuyang'ana nyenyezi ndi kuchuluka kwa anthu amene akuigwiritsa nchito. Zimathandiza, koma pang'ono. Mu Seputembala 2020 plugin yotchedwa File Manager, imene inali pa mawebusaiti opitirira 700,000, inapezeka ndi chiboo cholola munthu aliyense, wopanda ngakhale pasiwedi, kuponya fayilo yake mu server. Eni ake anatseka msanga, koma amene anachedwa kuchita update analowereredwa. Kutchuka kwake ndi kumene kunakopa akuba.

Nkhani imene imatidetsa nkhawa kwambiri ndi ya Display Widgets. Inali plugin yabwino, pa mawebusaiti pafupifupi 200,000. Mu 2017 mwini wake anaigulitsa. Wogulayo anatulutsa ma update okhala ndi khomo lobisika, lomulola kuika zolemba zake pa mawebusaiti a anthu eni ake osadziwa. Taganizirani: amene anagwa m'mbuna ndi aja osamala, ochita update pa nthawi yake. Zili ngati chigayo cha pa msika chasintha mwini usiku, chikwangwani n'chomwecho, mtundu wa penti womwewo, inu mukupitabe ndi thumba lanu la chimanga. Chotero funso loti "kodi plugin iyi ndi yabwino?" silikwanira. Tiyenera kufunsa kuti ili m'manja mwa ndani lero, ndipo kodi ndi yemwe uja wa chaka chatha.

Za ma plugin a "nulled", aja olipira amene amazungulira ulere m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, sitikamba zambiri. Munthu amene anathyola loko ya wina kuti akupatseni mphatso anali ndi mpata woikamo chake, ndipo simudzalandira update.

Kufufuza kwenikweni sikudya bundle yambiri. Pa tsamba la plugin ku WordPress.org pamalembedwa tsiku limene inakonzedwa komaliza. Ikatha zaka ziwiri osakhudzidwa, timaitenga ngati nyumba yosiyidwa. Timawerenga madandaulo a anthu n'kuona ngati mwini wake amayankha. Kenaka timalemba dzina lake mu WPScan kapena Patchstack, kumene amasunga mbiri ya ziboo zodziwika. Plugin yopezeka ndi chiboo n'kutsekedwa m'masiku ochepa timaikhulupirira kuposa ija imene mbiri yake ili zii chifukwa palibe amene anaiyang'anapo. Ndipo imene tasiya kuigwiritsa nchito timaifufutiratu, chifukwa kuizimitsa chabe kumasiya mafayilo ake mu server.

Chovuta chili pa ife tokha. Tikalandira yathu timabwerera ku tauni, webusaiti n'kutsala ndi mlembi wa kopaletivu amene network amaipeza atakwera pachulu. Ndani adzaona kuti mwezi wa mawa plugin ya fomu yagulitsidwa? Ena mwa ife tayamba kukambirana zimenezi tisanagwire nchito: tiika ma plugin angati, adzachita update ndani, backup idzakhala kuti, ndipo zimenezi ndi makwacha angati pa mwezi. Akuluakulu amayamba adandaula kuti anawa afuna kutidyera. Timawafunsanso ngati nambala ya NRC ikufunikadi pa intaneti, kapena ingatsale m'buku la mamembala lija la chikuto cholimba limene a tcheyamani amasunga m'sutukesi.