Star Wars inasila, koma manda ena banafukula chabe

Mwana, ngati ukalibe kutamba The Rise of Skywalker, ika pepa pansi chifukwa nizaulula vonse. Inachoka mu December 2019, so usanipase mulandu.

Iyi ndiye filimu yosilizila pa mafilimu 9 ya banja ya Skywalker, nkhani yamene inayamba mu 1977. Zaka 42! Nkhani itali so ifunika kusila monga malilo yoyenda bwino: mwalila, mwaika munthu, mwagabana vovala, aliyense ayenda kwake mutima uli pansi.

Apa ndiye ba J.J. Abrams, bamene banaipanga, bananikalipisa. Uja mfumu woipa Palpatine tinamuika kudala mu 1983, mu Return of the Jedi. Darth Vader anamunyamula nomuponya mu chimugodi kuti apulumuse mwana wake Luke, naeve Vader anafelapo. Manje mu 2019 ati mudala akali moyo. Nanga Vader anafela chani? Ukafukula manda kuti nkhani ikome, waononga malilo yakudala.

Koma sinizakunama, pali pamene inanigwila. Carrie Fisher, wamene enze kusewela Leia, anamwalila mu December 2016. Kuti Leia aonekemo, banatenga tuma scene twamene banajambula pa The Force Awakens koma sibanatusebenzese. So ukamuona agona pansi osaukanso, uziba kuti ulaila bantu babili pa ntawi imozi.

Elo pali Rey. Mutsikana uyu apeza kuti ni muzukulu wa Palpatine, magazi yoipa yekayeka. Pa last ayenda ku Tatooine, kwamene Luke anakulila, afochela ma lightsaber ya Luke na Leia mu muchanga. Bamai bena bakulu bamufunsa zina, eve asankha ya Skywalker. Banzanga bamene tenze kutamba nabo ku Chawama banakuwa ati uku ni kuba zina. Ine nenze chabe zii. Zina ili pa NRC yanga ni ya batate bopeza, bamene bananilela kuchokela nili na zaka 4. Bamene bananibala, olo nkhope sinibaziba. Ndani anganiuze kuti ninaba?

So ukanifunsa ngati filimu iyi inavala chiseko, yankho yanga ili pabili. Nkhondo ya Palpatine inasila na vigamba, monga tayala ya njinga ya malasha. Koma funso yakuti ndiwe mwana wa ndani, inayankha bwino: wako ni wamene anakulela.

Itambe futi weekend ino. Ikasila, tumila foni munthu wamene anakulipilila sukulu.