Kondowole wa pa Mpamba

Tikamva zoti malo akutiakuti ndi a mbiri yakale, ambirife timayembekezera kukaonako tchalitchi cha njerwa zofiira, manda a azungu kapena chikwangwani cholembedwa zaka. Komatu mbiri ina ilibe chikwangwani. Imakhala m'nyumba wamba momwe anthu amadyeramo nsima ndi kumweramo mowa, monga ina yomwe ndinadyamo pa Mpamba, m'boma la Nkhata Bay.

Linali Loweruka pomwe ife ophunzira 12 a m'kalasi limodzi tinasonkha ndalama n'kuchita hayala minibasi kuchoka ku Mzuzu. Cholinga chathu chinali kukaona Bandawe, kufupi ndi Chintheche, komwe amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere kupita ku Khondowe mu 1894. Tinaona tchalitchi chakale ndi manda a amishoni omwe ambiri mwa iwo anafa ndi malungo. Tinakumbutsananso za Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'dera lomwelo, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town. Zonsezi zili m'mabuku.

Pobwerera tinadutsa m'minda ya mitengo ya rabara ya Vizara, njala itafika posauzana. Ena ankafuna tipirire mpaka ku Mzuzu kuti tikadye tchipisi, koma adalaivala anangokhotetsa galimoto titafika pa Mpamba, n'kuima pakhomo pa nyumba ina ya malata adzimbiri.

Kutsogolo kwa nyumbayo kunali bala, kuseri kunali kodyera. Kauntala yake inali ya thabwa lochindikala lomwe linachita kusalala ndi zigongono za anthu. Pakhonde abambo awiri ankasewera bawo, mabotolo ali pambali. Mayi wina wachikulire anatipatsa madzi osamba m'manja, kenaka n'kutiikira mitanda ya kondowole, nsomba ya batala ndi chigwada. Kwa ife ochokera m'chigawo chapakati, ozolowera nsima ya chimanga, kondowole amafuna luso. Amanyunduka, amamatirira ku zala, ndipo satafunidwa kwambiri. Mayi aja anatiseka, n'kutifotokozera kuti chinangwa amachiviika m'madzi kwa masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kenaka amachiyanika n'kuchisinja. Anatinso munthu wodya kondowole masana sadandaula njala mpaka usiku.

Tili mkati modya, panatulukira gogo wina woyenda ndi ndodo, n'kukhala pampando wa pafupi nafe. Anali mwini wa malowo. Atamva kuti tikuchokera ku Bandawe, anamwetulira.

"Mwakaona za azungu, adzukulu anga. Nanga za ife mwaziona?"

"Za inu ziti, agogo?" anafunsa mnzanga wina.

Iwo analoza kudenga. "Malata awa ndi mapapo anga."

Anatiuza kuti ali mnyamata analembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide ku Joni. Ankatsika pansi kusanache, n'kutuluka fumbi lili tho m'chifuwa. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Gogoyu atabwerera kumudzi sanagule wailesi yaikulu kapena masuti monga anzake ena. Anagula malata ndi simenti. Pa kauntala ija, anatero, ndi pomwe obwera kuchokera ku Joni ndi ku Halale ankasiya makalata ndi ndalama za mabanja a anzawo otsala, ndipo amayi ankabwera kudzafunsa ngati amuna awo akadali moyo kapena anasanduka matchona.

Nditamva izi ndinayang'ananso nyumba ija. Aliyense amadziwa za Kadalie chifukwa analembedwa. Koma pambuyo pake panadutsa amuna zikwizikwi a ku Utonga omwe mayina awo sali paliponse. Chomwe anasiya ndi nyumba zoterezi, zomwazika m'mphepete mwa msewu.

Chodandaulitsa n'chakuti ana a gogoyu, omwe amakhala m'tauni, akufuna kugulitsa malowo kwa munthu woti agwetse nyumbayo n'kumangapo mashopu. Sindingawaweruze. Denga likudontha, makasitomala achepa, ndipo bambo awo akufunika mankhwala a chifuwa mwezi ndi mwezi. Mbiri siigula mankhwala. Komabe nyumbayo ikadzagwa, gogoyo n'kutsikira kulichete, palibe adzadziwe kuti pamalopo pankafikira makalata a kumigodi.

Tinalipira ndalama yochepa kuposa ya tchipisi ya m'tauni, ndipo potsanzika tinayesa Chitonga chathu chothyokathyoka, "Yewu ukongwa, agogo." Anaseka mpaka kutsokomola.

Akuluakulu anati akulu ndi mdambo mozimira moto. Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi makope, zolembera ndi mafoni otha kujambula mawu. Bandawe ali ndi omusamalira ndiponso omulemba. Agogo ngati a pa Mpamba alibe, ndipo masiku awo si ambiri. Pa tchuthi chikubwerachi, ine ndi anzanga awiri tagwirizana zobwererako ndi makope athu, kuti tikalembe nkhani yawo m'Chitonga momwe iwo eni akuyankhulira.