Tsekani Chitseko Musanaitane Alendo

Aphunzitsi anzanga, mukamatsegula gulu la kuntchito pa WhatsApp, dziwani kuti zimene mwasankha tsiku loyamba ndi zimene zidzakhalepo mpaka kalekale. Anthu ambiri amangolowa n'kuyamba kulemba, osasintha kanthu.

Ine ndinazindikira mochedwa. Ndimaphunzitsa ku Kadoma, ndipo ndinatsegula gulu la aphunzitsi a zilankhulo a kuno ndi a ku Chegutu. Ana athu ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, kumgodi wa Cam and Motor ndi kufakitale ya nsalu ya David Whitehead. Malamulo a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho tinkafuna kugawana nthano ndi miyambi yophunzitsira.

Ndinatumiza linki yolowera kwa anzanga asanu, osatseka chilichonse. Linkiyo inayenda. Munalowa makolo, achibale ndi ena osadziwika, onse akuona manambala athu. Tsiku lina mphunzitsi wina, poganiza kuti tili tokhatokha, analemba mayina a ana opanda zikalata za kubadwa, kupempha nzeru za mowathandizira. Pofika Lolemba, mtsikana wina ankanenedwa kuti ndi wobwera. Anajomba sabata yathunthu. Amayi ake atabwera sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, nkhani ya kunyumba kwathu yafika bwanji kumsika?" Ndinasowa chonena. Mnzanga uja anangolemba, koma amene anasiya chitseko pululu ndinali ine.

Madzi akatayika saoleka. Nchifukwa chake masiku ano ndimayamba ndi kutseka. Ndimayatsa Approve new members kuti wolowa aliyense ndimuvomereze. Ndimaletsa mamembala kulowetsa anzawo, ndipo onse akalowa ndimasintha linki. Pamsonkhano woyamba timatulutsa mafoni, aliyense n'kusankha amene angaone chithunzi chake ndi amene angamuike m'magulu. Tinagwirizananso kuti dzina la mwana, malikisi ake ndi za kwawo sizilembedwa pagulu. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza nkhani zotere. Fufuzani la m'dziko lanu.

Posankha zonsezi, musadziganizire nokha amene mumaidziwa foni. Ganizirani mwana amene sali m'gulumo, amene sangadziyankhire. Kutsegula mutha kutsegula mawa, anzanu akapempha.