Nyama ya ku Marondera, ndi weta wa kwathu

Anzanga apamsewu, funso loti kodi n'koyenera kulowa m'malesitilanti apamwamba a kumafamu ku Zimbabwe limabwerabwera muno, ndipo ambiri mumangoyankha kuti kumeneko n'kwa mabwana, ife yathu ndi sadza ya dola. Yankho langa ndi ili: ngati yangokhala njala, pitirirani, kutsogolo kuli amayi ophika bwino. Koma ngati pali mlimi kapena manijala wa famu amene mukufuna kuti azikupatsani katundu, nkhani zotere zimathera patebulo la malo amenewa. Ndiye ndi bwino kudziwiratu kadyedwe kake ndi kalipiridwe kake.

Amene mumayenda njira ya Beira, kudzera pa Forbes ndi Mutare kulowera ku Harare, Marondera mukuidziwa. Ili pafupifupi makilomita 70 musanafike mu Harare, pamalo okwera, ndipo mwezi wa June kuzizira kwake kumandikumbutsa Dedza. Uku ndi ku Mashonaland East, dera la fodya, chimanga ndi ng'ombe. M'mbali mwa msewu umenewu nyumba zina zakale za eni mafamu anazisandutsa malo odyera: khonde lalikulu, kapinga wometa bwino, matebulo oyala nsalu zoyera. Ndinadya pa amodzi mwa malo amenewa titatsitsa feteleza pa famu ina. Manijala wake anaitana bwana wanga kuti akambirane za maulendo otsatira, ndipo bwana anati nditsagane nawo chifukwa msewu ndi maboda amene amazidziwa ndi ine.

Choyamba ndi thiraki. Malo amenewa anawapangira magalimoto ang'onoang'ono. Geti ndi lopapatiza, mitengo yagwetsera nthambi m'munsi, hosi ndi ngolo simungakhote nazo. Ife tinaisiya pa famu pomwe tinatsitsa, pali alonda, n'kukwera galimoto ya manijala. Kuisiya m'mbali mwa msewu kwa maola awiri, ndi matanki odzaza dizilo, mukudziwa nokha zimene mungakapeze.

Ndati maola awiri, ndipo sindikukokomeza. Chakudya chokha tinachidikira pafupifupi mphindi 50. Poyamba mtima unkandithamanga, poti tinazolowera zapachiwaya, ukaloza chidutswa nthawi yomweyo chili m'mbale. Koma kudikirako n'kumene anthuwa amalipira. Nkhani yonse ya mtengo pa tani, ya amene azilipira ma toll, ya masiku odikira potsitsa, inakambidwa mbale zisanafike. Pamene nyama inkabwera n'kuti bwana ndi manijala atagwirana kale chanza pa maulendo ena atatu. Mukakhala ndi pepala la mitengo yanu, litulutseni nthawi imeneyo. Anthu akayamba kudya safunanso masamu.

Nyamayo ndiye ndisaname, inali nyama. Ng'ombe ya ku Zimbabwe ili ndi mbiri: kale Cold Storage inkatumiza nyama ku Ulaya mpaka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atatseketsa msikawo mu 2001, ndipo imodzi mwa nyumba zake zophera ng'ombe inali ku Marondera komweko. Ndinaitanitsa T-bone, inabwera yodzaza mbale, yofewa yosavutitsa mano. Koma tamverani apa. Weta akakufunsani kuti aiphike bwanji, nenani kuti "well done". Mukangoti mulimonse, ibwera yofiira mkati, ukaidula madzi amagazi n'kumayenderera m'chipisi. Manijala anadya yotero akunyambita milomo. Ine ayi, kwathu nyama yotero timaibwezera pamoto.

Zina zonse zinali zapakatikati. Sadza inalipo pa menyu, koma mtanda wake ngati dzira la bakha, woti mwana wa sitandade 2 angafunse kuti ina ili kuti. Masamba anali timasupuni tiwiri tokongoletsera mbale. Supu wa bowa wothira pa nyama anali ndi mtengo wakewake, ndipo botolo la madzi limene anangotsegula osafunsa linapezekanso pa bilu. Mbale yanga yokha inapitirira madola 20, ndalama yoti pa Mutoko kapena pa Murewa ndingadye sadza ndi mazondo, amene ife timati mang'ina, kwa sabata yathunthu n'kutsalako ya Mazoe. Analipira ndi manijala poti ndiye anaitana. Mukaitana ndinu, bilu yonse ndi yanu, musayembekezere kuti mugawana.

Koma chimene chandilembetsa si nyamayi kwenikweni. Amene ankatitumikira anali bambo wachikulire, imvi mbuu, malaya oyera owongoka ngati a mkwati. Ankayankhula Chingerezi ndi manijala, Chishona ndi bwana wanga. Foni yanga italira ndinayankha mayi a kunyumba m'Chichewa, ndipo nditadula ndinaona madala aja aima chapafupi ndi jagi m'manja, osathira.

"Pepani bambo, kumudzi ndi kuti?"

Ndinati ku Ntcheu. Anaika jagi pansi, nandipatsa moni wa manja awiri. Anati iwo ndi aPhiri, bambo awo anachokera ku Dedza, anabwera wapansi kudzera ku Tete nthawi ya atsamunda, nagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu wa famu mpaka kumwalira. Iwowo anabadwira pa komboni ya famu, ndipo ku Malawi sanapondeko. Chichewa chawo chinali chakale, cha agogo athu, chosakanikira Chishona apa ndi apo. Famu ankati purazi. Anandifunsa ngati phiri la Dedza likadali ndi mitengo monga ankanenera bambo awo. Ndinayankha mozungulira.

Achinyamata amene mwayamba kumene njira ino, anthu otere mudzakumana nawo ambiri, ku Marondera, ku Bindura, ku Mvurwi, ku Banket mpaka ku Karoi. Makolo awo ndi aja tinkati matchona. Ena anapita okha, ena anatengedwa ndi Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ku Nyasaland kuti akagwire ntchito ku Southern Rhodesia. Mafamu a fodya a ku Mashonaland anakula ndi thukuta la anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo m'makhitchini a azungu amuna a ku Nyasaland ankadziwika kuti ndiwo akatswiri ophika. Mpaka lero m'makomboni ena gule wamkulu amatuluka, eni dziko amati zvigure. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo ochokera kunja analibe mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, ziphaso zawo zikuwatchula kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC.

Ndiye mukaona weta wachikulire akuyala mipeni ndi mafoloko mosaphonya, dziwani kuti mwina luso limenelo analiphunzira kwa bambo ake m'khitchini ya famu. Ndimaipidwa ndikaona anzathu ena, akangogwira timadola, akuitana weta ndi likhweru kapena kuwomba zala. Munthu wa msinkhu wa bambo ako! Ngati simukudziwa chinenero chake, "sekuru" kapena "baba" zimakwana, ndipo wamkazi "amai" kapena "sisi".

APhiri aja anandithandiza mosaonetsera. Ataona kuti ndikuyang'ana kamtanda kaja mwachisoni, anapita kukhitchini n'kubwera ndi mbale ina ya sadza yotentha, mitanda iwiri yeniyeni, ndi kambale ka masamba otendera, amene kumeneko amati muriwo une dovi. Anati n'zimene aphikira antchito. Anabweretsanso beseni ndi madzi ofunda. Ndinasamba m'manja, ndinaika foloko pambali, ndipo manijala ataona anaitanitsa yakenso. Zimenezi sizinalembedwe pa bilu. Tikutuluka ndinawapatsa madola 5 m'manja mwawo, pambali pa tipi imene manijala anasiya patebulo, chifukwa ya patebulo m'malo ena imagawidwa kwa onse kapena imalowa m'kaundula wa eni ake. Chizolowezi cha malo otere ndi kusiya pafupifupi 10 peresenti.

Za ndalama, mitengo pa menyu inali m'madola a America. ZiG inayamba mu April 2024, koma ngati mukufuna kulipira nayo funsani reti yawo musanaitanitse chakudya, osati mbale zili kale m'mimba. Madola ong'ambika kapena akuda kwambiri amatha kuwakana, ndipo chenji ndi vuto la dziko lonse, choncho sungani ma 1 ndi ma 5 m'thumba lapadera. Kwacha musaitulutse n'komwe. Bilu iwerengeni mzere ndi mzere, si manyazi, manijala yemwe anatero.

Mowa adzakupatsani, ndipo dera la Marondera limadziwikanso ndi vinyo. Ngati mukubwerera pa chiwongolero, kanani mwaulemu. Marodibuloko pa msewu wa Mutare sasowa, ndipo mlimi amene akufuna kukupatsani katundu wake akuonanso zimene dalaivala akumwa masana.

APhiri anandipempha chinthu chimodzi, kuti ulendo wina ndidzawatengereko usipa wouma ndi ufa wa kondowole pang'ono, ati bambo awo ankazitchula mpaka ukalamba. Usipa ndagula kale pa Limbe. Amene mwadutsa pa Nyamapanda masiku ano ndi nsomba zouma zochepa zodya pakhomo, tandiuzeni ngati a zaulimi pa boda akuvutitsa, ndinyamuka Lachiwiri.