Pansi pa phiri la Mulanje sipakhala Napolo yekha

Mukafunsa munthu wa ku Mulanje kapena ku Phalombe za njoka yokhala pansi pa phiri, yankho silichedwa: Napolo. Akuluakulu amati chinjokachi chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, ndipo amakumbukirabe Malichi wa 1991 pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu ambiri ku Phalombe. Za Napolo ndisiyire eni ake. Ine ndikufuna ndinene za njoka ina yokhala pansi pa phiri lomweli, yaing'ono moti mwana angaiyese nyongolotsi. Iyi ndi nthongo.

Tchuthi chathachi ndidatenga ana a kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu kupita ku chigwa cha Ruo, kumwera chakum'mawa kwa phirili. Mumatsata msewu wa ku Muloza, n'kupatukira m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, kenako mwendo pansi. Tiyi akatha mumangoona kwada. Mitengo ndi yaitali, dzuwa silifika pansi, ndipo phazi limamira m'masamba ovunda ngati waponda pa matiresi. Kumtundako, kupitirira mathithi, kuli nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, koma ife sitidalinge kumeneko.

Titakhala pansi kuti tidye kamba wathu, mnyamata wina wa Folomu 3 adagudubuza chipika chowola. Pansi pake panali kanjoka konyezimira, kowonda ngati cholembera, kakuyesetsa kubwerera m'dothi. Atsikana adabalalika, wina akukuwa kuti, "Aphunzitsi, ya mitu iwiri! Malodza!" Bambo amene ankatiperekeza adangoseka n'kunena kuti, "Isiyeni ana inu, mwini nthaka ameneyo."

Nthongo ilibe mitu iwiri. Mutu ndi mchira wake n'zobulungira mofanana, ndiye diso limanamizika. Maso ake ndi timadontho tokutidwa ndi mamba, tongosiyanitsa kuwala ndi mdima, poti pansi pa nthaka palibe choti uone. Kumchira kuli kaminga kamene imatsamira ikamaboola dothi, ndipo ikakugunda nako m'manja anthu amati yaluma, chonsecho ilibe ululu. Chakudya chake ndi chiswe, nyerere ndi mazira ake. Mlimi amene chiswe chimamudyera chimanga akamaipha ndi khasu, akupha waganyu wosalipidwa.

Koma pano ndichenjeze, monga ndidachenjezera ana aja. Ilipo njoka ina yakuda, yaifupi, yokhalanso m'dothi, imene akatswiri amaitcha Atractaspis bibronii. Imeneyo ili ndi ululu ndipo imabaya cham'mbali ngakhale utaigwira kukhosi. Ambiri alumidwa poiyesa nthongo. Choncho njoka ya m'dothi musaitole ndi manja, ndiponso palibe chifukwa choiphera.

Nthongo zilipo mitundu ingapo. Ija yonenepa timaiona m'minda mvula yoyamba ikagwa ndi yofala. Koma ulipo mtundu wowonda kwambiri, Afrotyphlops obtusus, umene Wilhelm Peters wa ku Germany adaulemba m'mabuku mu 1865. Umapezeka kumwera kwa Malawi, mbali zina za Mozambique ndi kum'mawa kwa Zimbabwe basi, ndipo umakonda dothi lofewa la masamba ovunda. Apa ndiye pagona nkhani. Dothi lotere limapangidwa ndi nkhalango, ndipo limakhala lachinyontho chifukwa cha mthunzi. Mitengo ikagwa, dzuwa limaliumitsa, moto wolusa umanyeketsa masamba aja, mvula n'kudzakokolola chotsalacho. Mbalame imauluka, nyani amathawira kuphiri lina. Nanga kanjoka kosaona, kokhala m'dothi moyo wake wonse, kangasamukire kuti?

Nkhalango ya Mulanje idakhala yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, tonse timaudandaula, ndipo n'koyenera, chifukwa mitengo yake ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu. Naye nadzikambe wa m'nkhalango za phirili amatchulidwa ndithu. Dzina lake la sayansi, Nadzikambia mlanjensis, lidachokera ku Chichewa chathu chomwechi, chinthu chimene chidawasangalatsa ana anga kuposa mathithi. Koma mtengo umasiya chitsa choti munthu awerenge. Zokhala m'dothi zimatha popanda wolira maliro.

Sindikuloza chala mayi wosenza nkhuni kapena bambo wootcha makala ngati kuti ine kwathu ndimaphikira magetsi. Malo ozungulira phirili ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili ndi tiyi. Komabe thumba la makala limene ndimagula pamsewu mtengo wake weniweni sindiye umene ndimalipira.

Potsika, bambo aja adatiimitsa pamalo poonekera bwino n'kutilozera kum'mawa, mbali ya Chisongeli. Adati ali mnyamata kumeneko kunali nkhalango yoti munthu sungalowe wekha, imodzi mwa zikuluzikulu m'dziko muno. Ife tidaona minda ya chimanga ndi nandolo yokwera mpaka m'matanthwe, ndi utsi m'malo atatu.