Mwana wa m'chigwa akugogoda khomo la GNU Radio

Mwa ana onse amene ndawaphunzitsa Physics kuno ku Nsanje, mmodzi yekha ndiye anakana kukhutira ndi kamzere kokhotakhota kamene timajambula pabolodi n'kumati awa ndi mafunde a wailesi. Iye ankafuna kuwaona enieniwo. Lero mtsikanayo ali ku yunivesite ku Blantyre, ndipo akukonzekera kupempha malo mu Google Summer of Code kudzera m'gulu la GNU Radio.

Google Summer of Code inayamba mu 2005. Kampani ya Google imalipira anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo kuti kwa milungu pafupifupi 12 akonze mapulogalamu a kompyuta amene aliyense ali ndi ufulu wowaona m'kati, kuwasintha ndi kuwagawa. Wosankhidwa amapatsidwa mlangizi womuyendetsa. GNU Radio, yomwe anaiyambitsa Eric Blossom mu 2001, ndi pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala wailesi: kusankha siteshoni, kusefa phokoso ndi kutulutsa mawu zonse zimachitika ndi masamu. Chimene chimafunika ndi kachipangizo kotchedwa RTL-SDR, kongokulirapo pang'ono kuposa flash, komwe kamakola mafunde n'kuwasandutsa manambala. Patchuthi anabwera nako kusukulu kwathu. Ana a Fomu 4 anaiona Nyanthepa itaima ngati kaphiri pagalasi la laputopu, mawu a muulutsi akumveka, ndipo belu litalira palibe anadzuka.

Chimene chandigwira mtima ndi kasankhidwe kake. Kuno tinazolowera kuti khomo limatseguka ngati uli ndi amalume m'katimo. Uku safunsa mapointi a MSCE kapena kalata ya amfumu. Amafuna aone zimene wachita kale pa pulogalamuyo komanso dongosolo la zimene ukufuna kuchita. Iye anapeza kacholakwa kakang'ono, nakakonza, natumiza. Anamubwezera katatu, ndipo ndemanga zake zili poyera, aliyense padziko atha kuziwerenga. Mwana wathu amene amabisa kope likadzaza cholembera chofiira sangapirire zimenezi mosavuta. Ulendo woyamba anandiimbira akuti, "Aphunzitsi, andikana." Titawerengera limodzi tinapeza kuti munthuyo, yemwe sanamuonepo nkhope, wamulembera ndime yathunthu kumuonetsa pamene masamu anapotoka. Ine ndi ana oposa 80 m'kalasi, nthawi yotero ndingaitenge kuti?

Bambo ake sakumvetsa. Akuti kugwirira ntchito azungu usanalandire kanthu ndi thangata basi. Mawuwa sindiwapeputsa, pakuti mabandulo akudya ndalama ya mbuzi zawo. Koma pa thangata zokolola zinkapita kwa mwini munda. Apa chimene mwanayu walemba chimakhala ndi dzina lake, ndipo iye, ine kapena mnyamata wokonza mafoni pa Bangula tingachigwiritse ntchito osapempha munthu.

Nthawi yopempha malo imagwa kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, nyengo imene ife a m'chigwa timagona khutu lili ku Shire ndi Ruo. Sitinaiwale kuti namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga Kapichira, magetsi n'kukhala osowa dziko lonse, ndipo Freddy anabwera mu Malichi 2023. Nchifukwa chake wasankha kumaliza kulemba dongosolo lake mwezi wa Febuluwale usanathe.

Opempha amakhala ambiri, malo ochepa, ndipo iye akudziwa kuti angasiyidwe. Akuti ngakhale zitatero, chimene akufuna kuphunzira ndi kulandira uthenga wofooka wochokera kutali popanda kuutaya m'phokoso, kuti tsiku lina kachipangizo koyeza madzi pa Chiromo kadzathe kuuza anthu a ku Makhanga kuti mtsinje wakwera ngakhale netiweki ya foni itagwa. Kachipangizo kaja watisiyira kusukulu. Laputopu yoti tikalumikizeko ndiye tikuisakabe.